Kodi mndandanda wa malinki ndi wa amene adausonkhanitsa?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo kuti adasonkhanitsa malinki a masamba a pa intaneti opereka thandizo la maphunziro, n'kuwagawa m'magulu ndi kulemba mawu ofotokoza pansi pa linki iliyonse, koma tsopano mndandanda wonsewo waupeza pa tsamba la munthu wina. Akufunsa ngati lamulo la umwini wa ntchito zaluso lingamuteteze.

Yankho langa kwa inu ndi lakuti lamulo limateteza nzeru zimene mudaikapo, osati thukuta lokha. Linki payokha ndi adiresi chabe, ndipo palibe angaiike m'thumba n'kunena kuti ndi yake.

Mfundoyi idamveka bwino ku United States mu 1991, pa mlandu wa pakati pa makampani a Feist Publications ndi Rural Telephone Service. Kampani ya Rural, ya ku Kansas, idakana kupereka chilolezo chogwiritsa ntchito buku lake la manambala a foni, ndipo Feist idangokopera, mpaka kutengera maina 4 abodza amene Rural idawaika dala ngati msampha. Kukopera kudali koonekeratu, komabe Khoti Lalikulu, m'chigamulo chimene adalemba Sandra Day O'Connor, lidati maina ndi manambala alibe mwini, ndiponso kuwandandalika motsatira alifabeti si luso ayi. Chimene chimatetezedwa ndi kasankhidwe ndi kasanjidwe kochokera m'mutu mwa wosonkhanitsa. Chaka chomwecho, khoti la apilo lidateteza buku la Key Publications la mabizinesi othandiza anthu achitchaina ku New York, chifukwa wolikonza adasankha yekha mabizinesi oyenera kulowamo.

Pangano la TRIPS lokhudza umwini wa ntchito zaluso ndi zanzeru, limene adagwirizana maiko a m'bungwe loona za malonda pa dziko lonse la WTO kuphatikizapo Malawi, likunenanso chimodzimodzi m'ndime 10. Maiko a European Union adapita patsogolo mu 1996, pamene adapereka chitetezo cha zaka 15 kwa amene waika ndalama kapena ntchito yambiri posonkhanitsa zinthu zotere.

Ndikuona kuti mphamvu yanu ili pa mawu ofotokoza aja, pakuti mudalemba nokha, komanso pa magulu amene mudawaganiza. Ngati mnzanuyo adatenga malinki okha n'kuwasanja mwa njira yake, zimapweteka ndithu, koma mlandu ungavute. Ngati adatenga mawu anu ndi kasanjidwe komwe, jambulani masamba onse awiri, sungani umboni wa tsiku limene mudayamba kufalitsa, mumulembere kalata yomupempha kuti achotse, ndipo akakana kaonaneni ndi loya kapena a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi.