Umuna wanga umasanduka madzi, kodi ndine gojo?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine bambo wa ku Chipoka, ndili pabanja zaka zitatu koma mphatso ya mwana palibe. Umuna wanga ukatuluka umakhala wokhuthala bwinobwino koma pakangopita kanthawi wasanduka madzimadzi, ndiye anzanga kudoko akuti ndine gojo, ena akuti ndizitafuna gondolosi. Zoona zimenezi?
Wodandaula, Salima

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akunamizani. Umuna umayenera kusungunuka choncho. Mu umunamo muli enzyme ina (mankhwala opangidwa ndi thupi lomwe) yotchedwa PSA yochokera ku prostate, kachiwalo ka abambo kali pansi pa chikhodzodzo, ntchito yake ndi kudula zomwe zimaundanitsa umunawo kuti mbewu zimasuke ziyambe kusambira, ndipo zimatenga mphindi 15 mpaka 30, ikachedwetsetsa ola limodzi. Zikanakhala kuti ola latha umuna udakali chiundire, pamenepo mpomwe a labu amayamba kukayikira prostate. Ndiye chomwe chikukusowetsani tulocho ndi umboni woti mbali imeneyo ikugwira ntchito.

Ma enzyme amenewa amaulula zambiri chifukwa iliyonse ili ndi kwawo. Alpha-glucosidase imapangidwa mu kachubu kopiringizika kali kuseri kwa tchende, momwe mbewu zimakhwimira, ndiye bambo akapezeka alibe mbewu olo imodzi komanso enzyme iyi ndi yochepa kwambiri, adokotala amaganiza kuti njira yatsekeka penapake osati kuti machende asiya kupanga, ndipo awa ndi mavuto awiri osiyana, chithandizo chakenso nchosiyana. Kumutu kwa mbewu kulinso acrosin, yothandiza kuboola chikuta cha dzira.

  

Koma musayambire kumeneko, zopima ma enzyme sizichitika paliponse ndipo zimabwera pambuyo. Choyamba ndi maikulosikopu basi: mbewu zilipo zingati, zikuyenda bwanji, zikuoneka bwanji. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2021 linaika mbewu 16 miliyoni pa mililita ngati mlingo wa m'munsi. Mumakhala masiku 2 mpaka 7 osagonana musanapereke umuna wokapimitsawo, ndipo zotsatira zikaipa amabwereza, poti ngakhale kutentha thupi ndi malungo kumatsitsa mbewu kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ndi maso simungaone kanthu, umuna wopanda mbewu umaoneka chimodzimodzi ndi wabwino.

China, poti mumakhalira kunyanja, mukafunse za likodzo. Mazira ake amatha kukhala mu prostate ndi njira za umuna, ena mpaka amaona magazi mu umuna, mankhwala ake ndi praziquantel. Matenda opatsirana pogonana osachiritsidwa bwino amatsekanso kachubu kaja. Gondolosi sangatsegule njira yotsekeka.

Yambirani kuchipatala cha boma ku Salima, akakuuzani kokapimitsa, ndipo mupite limodzi ndi mayi akunyumba akapimidwe nawonso.