Thunderbird ikukana kutseguka, akuti ikugwira kale ntchito

Funso: Akonzi ndithandizeni chonde. Maimelo akuntchito ndimawerengera pa Thunderbird, laputopu yanga ili ndi Ubuntu. Sabata yatha inazima yokha batire litatha, ndiye kuyambira pamenepo ndikadina pulogalamuyi imangolemba kuti "Thunderbird is already running, but is not responding", ndazimitsa nkuyatsanso koma palibe chikusintha. Mnzanga akuti ndiichotse nkuiikanso koma ine mantha, maimelo anga sapita onse?

Yankho: Mtima pansi, maimelo anu alipo. Koma zomwe akunena mnzanuyo musavutike nazo, sizithandiza, chifukwa Thunderbird imasunga maimelo, maadiresi ndi ma setting anu mu foda ina yapadera yotchedwa profile, ndipo mukaichotsa pulogalamuyo nthawi zambiri foda imeneyi imatsala momwemo, vuto lanu nalo limatsala momwemo, koma pa Ubuntu 24.04 kupita mtsogolo fodayi imatha kuchotsedwa limodzi ndi pulogalamuyo.

Chikuchitika ndi ichi. Thunderbird ikamatseguka imaika kafayilo mu profile kouza aliyense kuti muno muli munthu, kuti makope awiri a pulogalamuyi asamalembe mu maimelo omwewo nthawi imodzi nkuwaononga. Zili ngati chikwangwani chija chimapachikidwa pachitseko cha bafa. Ndiye kompyuta ikazima mwadzidzidzi chikwangwanicho nthawi zina chimatsala, mkati mulibe munthu koma aliyense akungodikira panja. Pa Linux timafayiloti ndi tiwiri, lock ndi .parentlock, pa Mac ndi .parentlock, pa Windows ndi parent.lock.

Chovuta nchoti simungakaone mwachisawawa. Pa Linux ndi Mac fayilo kapena foda iliyonse yomwe dzina lake layamba ndi kadontho imabisika, ndiye mukatsegula Home yanu dinani Ctrl ndi H, mudzaona zinthu zambirimbiri zomwe simumadziwa kuti zilipo, musachite nazo mantha ndipo musazigwire. Pezani .thunderbird. Ngati Ubuntu yanu ndi 24.04 kupita mtsogolo Thunderbird imabwera ngati snap (njira ina yoikira mapulogalamu pa Ubuntu), ndiye fodayo ili mu snap/thunderbird/common. Mkati mwake muli foda ya dzina losamveka, zilembo ndi manambala osakanikirana kenako mawu ngati default, profile yanu ndi imeneyo.

Musanachotse kanthu tsegulani System Monitor muone ngati thunderbird ikuonekadi pamndandanda, ikakhalapo ithetseni kaye. Kenako koperani foda yonse ya profile muiike pa flash, izi musadumphe ayi, anthu ambiri amalira pamenepa. Mukatero chotsani lock ndi .parentlock basi, tsegulani Thunderbird, ipanganso zatsopano yokha.

A Windows, inu nthawi zambiri vuto limakhala loti pulogalamuyi yatsalira ikuyenda mwakabisira, Ctrl+Shift+Esc nkuithetsa mu Task Manager zimatheka. Zikakanika lembani %APPDATA%\Thunderbird\Profiles pamwamba pa File Explorer, chifukwa AppData nayonso ndi yobisika. A Mac dinani Command, Shift ndi kadontho mu Finder kuti zobisika zioneke.

Chinanso, poti laputopu inazima pakati pa ntchito, mwina mukatsegula mupeza Inbox ikuoneka yopanda kanthu kapena mutu wa imelo sukugwirizana ndi zamkati. Apa olakwa ndi mafayilo othera ndi .msf, omwe ndi mndandanda chabe wa maimelo. Mu Thunderbird momwemo dinani kumanja pa Inbox, Properties, kenako Repair Folder, iwerenganso zonse, kungoti Inbox ikakhala yaikulu zimatenga kanthawi. Koma fayilo yolembedwa Inbox kapena Sent yopanda kalikonse kumapeto kwa dzina, imeneyo ndiye maimelo enieniwo, ndipo ngati akaunti yanu ndi ya POP (mtundu womwe umatsitsira maimelo pa kompyuta yanu) mwina kope lina kulibe kwina kulikonse, ndiye musaichotse ngakhale ikuoneka yaikulu modabwitsa.