Ayi achemwali, ngongole ya lenziyo ibayambeni mwaisiya

Kalata yanu yandisowetsa tulo, achemwali. Mwalemba kuti mumaphunzitsa kufupi ndi Bangula, kamera yanu munagula yogwiritsidwa kale ntchito, lenzi yake imathera pa 300mm, ndipo mbalame zonse zomwe mumajambula kudambo la Elephant Marsh zimangotuluka ngati timadontho. Ndiye mukufuna kutenga ngongole ku banki m'khonde kuti mugule lenzi yaikulu, ndipo mwafunsa kuti mugule iti. Ndinaiwerenga katatu kalatayo, chifukwa funso lomweli linandivutitsapo ineyo, ndipo momwe ndinaliyankhira mpaka lero mtima umandipweteka.

Ine ndinakulira ku Nchalo. Mbalame za m'dambo ndinazidziwa ndi legeni kaye, kamera inabwera ndili wamkulu kale, nditasamukira ku Blantyre kukagwira ntchito. Nditayamba kujambula ndinali ndi lenzi yofanana ndi yanuyo, ndipo ndinkaida. Ndikaona zithunzi za anzathu akunja pa Facebook, nkhwazi itatambasula mapiko, dontho lililonse la madzi likuoneka, ndinkangoti vuto ndi chipangizo. Mu 2016 ndinatenga ngongole kuntchito n'kugula lenzi ya 600mm, yolemera ngati mwana wakhanda. Mwezi wa Okutobala chaka chomwecho ndinatsetsereka phiri lija la ku Thabwa, kutentha kukundilandira pang'onopang'ono monga mukudziwira, n'kukhotera msewu wa ku East Bank mpaka ku doko la Mchacha James.

Yemwe anandinyamula anali bambo wachikulire, msodzi, bwato lake losema lokhala ndi chigamba cha lata kutsogolo. Tinanyamuka kusanache. Tinadutsa m'tinjira ta m'bango ndi gumbwa, pena akupalasa ndi nkhafi, pena akukankha ndi mtengo wautali pomwe namasupuni watseka njira. Dzuwa litakwera tinatulukira pamadzi otambasuka, ndipo patsogolo pathu panali kachilumba ka mchenga woyera. Pamenepo ndi pomwe ndinaziona koyamba mbalame zomwe mabuku amazitcha African skimmer. Ngati simunaionepo, ndi yakuda pamsana, yoyera kumimba, mapiko ataliatali, mlomo wofiira wakunsonga yachikasu. Chodabwitsa n'chakuti mlomo wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Ikamasaka chakudya imauluka motsika zedi, mlomo wam'munsiwo ukung'amba madzi ngati mpeni, ndipo ukangokhudza kansomba, mutu umagwa pansi n'kutseka. Siimanga chisa. Imangofukula kadzenje pamchenga m'chilimwe madzi akaphwera, n'kuikira mazira awiri kapena atatu ooneka ngati mchenga womwewo.

Ndinawauza bambo aja kuti tikocheze pachilumbapo. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana mbalame, kenako anati, "Achimwene, zakhalira mazira zimenezo. Tiime pompano." Ine ndinakakamira. Ndinati ndalipira, ndabwera kuchokera kutali, lenzi yanga ikufuna malo olimba oti ndiike. Anandimvera poti ndinali mlendo wawo. Nditangoponda pamchenga mbalame zonse zinadzuka, zikuzungulira pamwamba panga zikulira, zina zikutsika ngati zindijompha. Ine ndinkaona ngati mwayi wandigwera. Ndinajambula pafupifupi theka la ola, zithunzi mazana, thukuta likulowa m'maso. Mchenga unali wotentha moti ndinkaumva kupyola m'nsapato.

Pobwerera kubwato ndi pomwe anandiitana. Sanalankhule kanthu. Anangoloza pansi ndi nkhafi. Pafupi ndi pomwe phazi langa linadinda panali kadzenje, m'menemo dzira limodzi ndi kamwana kongoswa kumene, nthenga zake zisanaume bwino, kakamwa kali yasaa, kakupuma mofulumira kwambiri. Tili chiyang'anire kanaleka. Bambo aja anati mbalame zimenezi nthawi yotentha zimakanyowetsa nthenga za kumimba m'madzi n'kubwera kudzaziziritsa mazira ndi ana, ndipo make akachokapo dzuwa la kuno silichedwa. Inu mukudziwa dzuwa la Okutobala kuchigwa kwathu kuno, lija limapyola madigiri 40. Madzi akatayika saoleka. Zithunzi za tsiku limenelo zilipo pa kompyuta yanga, ndi zakuthwa bwino, koma sindinazionetsepo munthu.

Ndiye mukandifunsa za lenzi, chomwe chimabwera m'maso mwanga ndi kamwana kaja. Lenzi yaikulu inayenera kundithandiza kuima patali. M'malo mwake inandipatsa mtima woti popeza ndawononga ndalama zambiri, dambo lili ndi ngongole kwa ine. Ngongole ya kuntchito ndinaibweza zaka ziwiri, ndipo mwezi uliwonse akandidula pamalipiro ndinkafuna chithunzi choti chilipire ululuwo. Munthu wotere sangadekhe m'bwato.

Ndipo ndinene mosapsatira, chifukwa ndaziona kambiri kuyambira pamenepo. Aliyense amene amaomba m'manja, kumenya bwato kapena kuponya chibuma kuti mbalame ziuluke iye ajambule, ameneyo si wojambula mbalame, ndi wozunza mbalame. Amene amaliza kulira kwa mbalame pafoni mobwerezabwereza kuti ituluke m'bango, akuichotsa pachisa kapena pachakudya. Amene amaulutsa drone pamwamba pa mitengo yomwe akakowa aswerana, ameneyo akhoza kugwetsa ana ambiri m'madzi pa mphindi imodzi, ng'ona zili pansi zikudikira. Ndinakwerapo bwato limodzi ndi munthu wina wochokera m'tauni yemwe anagula mlamba padoko, n'kuulowetsa kachidutswa ka bango kuti uyandame, n'cholinga choti nkhwazi itsike pomwe iye akufuna. Chithunzi chake anthu anachiyamikira kwambiri pa intaneti. Ine ndikachiona ndimangoona bango lija. Nkhwazi ili pamwamba penipeni pa chizindikiro cha dziko lathu, siyofunika kuiphunzitsa kupempha.

Kunena za nkhwazi, mudzamvetsere m'mawa zikamaitanizana. Zimaponyera mutu kumbuyo polira, ndipo yaikulu pa ziwirizo ndiyo yaikazi. Agogo anga aakazi ankati ikalira kawiri dzuwa lisanatuluke ndiye kuti asodzi abwera ndi makakana ambiri. Sindinkawatsutsa. Iwo dambo ankalidziwa ndi mimba. Chaka cha njala ankalowa m'madzi ofika m'chiuno kukazula nyika, tizinthu takuda towawa tija tomwe timamera pansi pa maluwa a m'madzi, uku akuyang'anayang'ana ng'ona. Lero ine ndimakaima pamaluwa omwewo kudikira timabakha tating'onoting'ono tomwe mabuku amatitcha pygmy goose, tomwe timadya njere zake, ndi jacana, mbalame ya zala zitalizitali yoyenda pamasamba ngati ikuyenda pabwalo. Mwa jacana, yaimuna ndiyo imakhalira mazira, ndipo pakakhala choopsa imanyamula ana m'khwapa mwa mapiko, timiyendo tawo tikulendewera. Ndinachiona kamodzi kokha chimenecho, mamita osakwana asanu kuchokera pabwato, titakhala chete nthawi yaitali. Ndinali ndi lenzi yanga yakale ija ya 300mm, poti yaikuluyo inali itachita nkhungu mkati ndi chinyezi. Ndicho chithunzi chomwe chili pakhoma kunyumba kwanga.

Mfundo ya nyikayi musaiiwale mukalowa m'dambo ndi kamera. Kwa ife ndi malo okongola, kwa anthu omwe tikuwadutsa ndi munda, ndi nkhokwe, ndi manda a abale awo. David Livingstone atadutsa pano mu 1859 analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800, ndipo dzina loti Elephant Marsh linachokera pamenepo. Njovuzo zinatha kalekale ndi mfuti za alenje, dzina lokha ndilo linatsala. Mu 2017 damboli linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, lachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa nyanja ya Chilwa, ndipo malo omwe analembedwa ndi mahekitala opitirira 60,000. Ndinakondwera nditamva. Koma kaundula sapalasa bwato. Madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anakokolola midzi, ndipo mchenga wotsika ndi Ruo ndi Shire unasintha njira zambiri za m'dambomo. Pomwe ndinkadutsa kale pena lero ndi dimba la mbatata, pomwe panali dimba pali thamanda. Palibe mapu kapena foni yomwe ingakuuzeni zimenezi. Amadziwa ndi msodzi yekha.

Za wopalasa bwato

Apa ndiye pali lenzi yanu yeniyeni. Ndalama yomwe mukanabweza ku banki m'khonde mwezi ndi mwezi, muzimulipira nayo munthu mmodzi yemweyo, mwaulemu, osanenerera ngati mukugula tomato. Muzibwerera kwa iye mpaka adziwe chomwe mukufuna. Wopalasa wodziwa amaleka nkhafi patali n'kulola madzi okha akukankhireni cham'mbali, osalunjika mbalame. Amadziwa mtengo womwe nkhwazi imakonda, gombe lomwe mbalame zofiira zija za carmine bee-eater zimaboola mauna m'chilimwe, thamanda lomwe adokowe a mlomo wosatsekeka pakati amadyerako nkhono. Amadziwanso pomwe mvuu ili ndi mwana, ndipo akati tibwerere, bwererani osafunsa. Dzanja musamaliviike m'madzi.

Chimandiwawa n'chakuti zithunzi zikatuluka, pansi pake pamalembedwa dzina la mwini kamera, mtundu wa kamera, mtundu wa lenzi, koma munthu amene anaiona mbalameyo poyamba, n'kuimitsa bwato ndi mphamvu za manja ake kwa ola lathunthu, satchulidwa n'komwe. Ena amafika pojambula msodzi ali ndi ukonde wake kapena mayi akuchapa padoko osapempha n'komwe. Zimenezo n'zamwano. Muzipempha, ndipo mukadzabweranso muziwatengera chithunzi chotsukitsa. Bambo msodzi aja ndinabwerera kwa iwo chaka chotsatira kukapepesa. Anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene," n'kundiuza kuti ndikhale pansi penipeni m'bwato, osati pathabwa. Ndinanyowa thalauzi, koma tsiku limenelo nantchengwa anatera pachitsa pafupi nafe moti ndinkaona chule akuphiriphitha kukamwa kwake. Ndipo mudzaone momwe anthu a m'mbali mwa dambo amamupatsira ulemu nantchengwa, chisa chake chachikulu chija palibe mwana amachigenda. Kutetezedwa kumeneko kunayamba kale kaundula aliyense asanabwere.

Muwafunsenso maina. Mabuku omwe tili nawo ali m'Chingerezi, ndipo maina a Chimang'anja ndi Chisena a mbalame zambiri akupita ndi akuluakulu. Inu ndinu mphunzitsi, muli ndi kope, muli ndi ana omwe makolo awo ndi asodzi. Mukalemba dzina lililonse pambali pa chithunzi chake, ngakhale chithunzicho chikhale kadontho, mudzakhala mutachita chinthu chomwe ine ndi lenzi yanga yaikulu sindinachite.

Za nyengo

Madzi akayamba kuphwera, kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala, mbalame zimasonkhana m'mathamanda ndipo njira zofikira kumadoko zimayendeka. Kuyambira cha mu Okutobala kumabweranso alendo ochokera ku Europe ndi Asia, timbalame totuwa toyenda m'matope, tomwe timabwerera kwawo cha mu Epulo. Kambalame kolemera ngati mabokosi awiri a machesi kamawoloka chipululu cha Sahara kudzadya tizilombo m'matope a kwathu kuno, ife n'kumakadutsa osakapatsa moni.

Tsono kamera yanuyo. Mufike padoko kusanache, muzijambula mpaka cha m'ma 8 koloko, chifukwa kukatentha mpweya wa pamwamba pa madzi umanjenjemera ndipo ngakhale lenzi ya mamiliyoni imatulutsa zosaoneka bwino. Dzuwa likhale kumsana kwanu. Shutter, kachitseko ka m'kamera kotseguka ndi kutseka pojambula, muiike pa 1/1000 ya sekondi kapena mofulumira kuposa apo, ya mbalame youluka 1/2000, ndipo ISO, yomwe imathandiza kamera kuwala kukachepa, musaiope kuikweza. Mulunjike diso la mbalame. Kwa akakowa ndi zina zoyera, muchepetse kuwala ndi sitepe imodzi kuti nthenga zisapse. Mukhale pansi m'bwato, zigongono pamaondo. Kamera muziisunga m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, ndipo mukafika kunyumba muziitulutsa m'chikwama ipitidwe mphepo. Mbalame ikaleka kudya n'kutukula khosi, mwayandikira mokwana. Ikadzuka n'kumazungulira pamwamba panu ikulira, pali chisa pafupi, chokanipo msanga.

Loweruka likubwerali mukapite ndi 300mm yomweyo, musankhe thamanda limodzi, mukhalepo maola awiri osasuntha. Zomwe zitatuluke munditumizire, ngakhale timadontho tomwe, pamodzi ndi maina omwe wopalasa wanu akuuzeni.