Mwafunsa, Ndayankha: Envulopu ya Andale Ikafika pa Guwa

Bambo Mlangizi,

Ndine msungichuma wa gulu la amayi pa mpingo wina kuno ku Lilongwe. Kutatsala milungu yochepa kuti tivote pa 16 Sepitembala 2025, tinali ndi Pepala Sande yofuna ndalama za malata a tchalitchi chatsopano. Ulaliki uli mkati, kunafika mkulu wina amene ankapikisana nawo pa mpando wa phungu, ali ndi galimoto zitatu. Akuluampingo anadzutsa agogo awiri pa benchi yakutsogolo kuti iyeyo ndi anyamata ake akhalepo. Anapereka envulopu ya K1.5 miliyoni, ndalamayo inalengezedwa pa chimkuzamawu, nthungululu zinalira, ndipo abusa anamusanjika manja n'kunena kuti Mulungu wamusankha kale. Mkuluyo anagwa pachisankho ndipo sitinamuonenso. Malata tinagula, koma mtima wanga sunakhazikike mpaka lero poti amene ndinawerenga ndalamazo ndine. Amuna anga akuti mpingo usamalankhulenso za ndale ngakhale pang'ono, ndipo makalata a maepiskopi ndi a masinodi atheretu. Kodi akulondola?

Mayi wa ku Lilongwe

Mayi, zimene zinawanyansa amuna anu zandinyansa nanenso, koma pa mfundo yoti mpingo utseke pakamwa sindigwirizana nawo. Mukawafunse kumene anali pa 8 Malichi 1992.

Tsiku limenelo, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino munawerengedwa kalata ya maepiskopi amene ankatsogoleredwa ndi Arkiepiskopi James Chiona. Achinyamata a lero akamamva mbiri ya kalatayi amaganiza kuti inali yodzaza ndi mawu amoto. Inali yofatsa kwambiri. Inakamba za malipiro ochepa a anthu apantchito, za ana othithikana m'makalasi, za zipatala zoperewera, za anthu otsekeredwa m'ndende osazengedwa mlandu, ndiponso za mantha amene ankachititsa munthu kuyamba wacheuka uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Tonse tinkazidziwa zimenezi, koma tinkangonong'onezana kuseri. Boma la Kamuzu linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Maepiskopi anakafunsidwa kupolisi ku Blantyre, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko muno. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana, womenyera ulamuliro wa zipani zambiri, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Chaka chomwecho atsogoleri a mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anakhazikitsa bungwe la Public Affairs Committee (PAC), ndipo pa 14 Juni 1993 anthu oposa 60 pa 100 aliwonse pa riferendamu anasankha nyali ya zipani zambiri n'kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Voti imene amuna anu anakaponya mu Sepitembala ija inadzera njira imeneyo. Mipingo ina nthawi imeneyo inakhala chete, abusa ena n'kumakatsegulira misonkhano ya chipani ndi pemphero, ndipo palibe amawayamika lero chifukwa chokhala chete.

Muonetsetse chinthu chimodzi pa kalata ya 1992 ija. Sinatchule chipani choti anthu achitsate, sinadzoze munthu aliyense kuti ndiye wosankhidwa, ndipo amene anailemba sanapemphepo ngakhale lata limodzi. Anatayapo mtendere wawo osalandirapo kanthu.

Ine ndikafuna kudziwa ngati mtsogoleri wa mpingo akulankhulira anthu kapena akulankhulira chipani, ndimadikira boma lisinthe. Mu 2002, pamene otsatira a Bakili Muluzi ankafuna kusintha malamulo kuti mtsogoleri azilamulira kupitirira ndime ziwiri, mipingo inakana poyera, ndipo biloyo inagwa ku Nyumba ya Malamulo mu Julaye chaka chimenecho. Mu Ogasiti 2011, patangopita mwezi osakwana anthu ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye, Episkopi Joseph Zuza analalika ku Comesa Hall, Bingu wa Mutharika ali pomwepo, n'kudzudzula munthu wodziyesa kuti nzeru zonse ali nazo yekha. Mu Febuluwale 2024 maepiskopi analemba kuti dziko lolonjezedwa lija silinaoneke, Amalawi afikitsidwa ku Bagamoyo, doko lakale la akapolo. Pampando panali Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20 asanalowe ndale, ndipo ubusa wakewo sunamuteteze ku chidzudzulo. Pa ulendo uliwonse otsatira chipani cholamula ankalira kuti mpingo walowerera ndale, ndipo anthu omwewo chipani chawo chikatuluka m'boma ankayamba kugawana makalatawo ndi chimwemwe.

Zimene zinachitika kwanuko ndi nkhani ina. Pamenepo mpingo sunalankhule za ndale. Abusa anu sananenepo za mtengo wa feteleza, za mizere ya mafuta, kapena za mankhwala osowa kuchipatala. Anabwereketsa guwa kwa munthu mmodzi pa mtengo wa K1.5 miliyoni.

Ndime imene yandikhala pamtima m'kalata yanu ndi ya agogo awiri aja. Mwina anafika m'mamawa, mwina anayenda wapansi mtunda wautali, ndipo anasankha benchi yakutsogolo poti makutu sakumvanso bwino. Akhala akupereka chachikhumi cha mtedza ndi chimanga zaka zambiri, atolera nkhuni pa maliro a mumpingo osawerengeka. Kenaka mkulu wampingo n'kuwawerama kukhutu kuti tasunthani, kwabwera alendo olemekezeka. Kalata ya Yakobo mutu 2 inalemba za tsiku lanulo ngati kuti mlembiyo analipo: munthu wa mphete yagolide ndi zovala zokongola akupatsidwa malo abwino, wosauka n'kuuzidwa kuti aime uko kapena akhale pansi. Ndikanakhala ine ndikanayambira pamenepo. Agogowo afunika kupepesedwa, ndipo owapepesa akhale amene anawadzutsawo.

Tsono za ulosi. Abusa ananena pamaso pa mpingo wonse kuti Mulungu wasankha kale, munthuyo n'kugwa. Deuteronomo 18:22 akuti mneneri akalankhula m'dzina la Yehova chinthucho osachitika, ndiye kuti Yehova sanalankhule. Abusa anu ali ndi ngongole ya mawu kwa nkhosa zawo, makamaka ana amene anamva zonsezo ndipo akuona kuti palibe akuzitchulanso. Ena adzakuuzani kuti wamkachisi amadya zamkachisi. Inde amadya, koma zimene amadyazo ndi zopereka za okhulupirira. Envulopu ija inachokera m'thumba la kampeni.

Lamulo la dziko nalonso lili ndi mawu ake. Lamulo la zipani zandale la mu 2018 limaletsa opikisana pachisankho kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti, ndipo chilango chake ndi K10 miliyoni komanso zaka zisanu m'ndende. Lamulolo linasiya mpata wa zopereka za kutchalitchi kapena kumzikiti, koma zosalengezedwa. Wandale ndi munthu ngati ife, ali ndi ufulu wopembedza ndi kuponya m'mbale. Vuto linayamba pamene chimkuzamawu chinatchula dzina ndi kuchuluka kwa ndalama kutatsala milungu yochepa kuti anthu avote. Ndipo tisanamizane, phungu amene wamwaza mamiliyoni m'matchalitchi, pamaliro ndi pa mipikisano ya mpira, akapambana amayamba wabweza kaye zake asanaganize za mlatho wanu.

Malata musawakhumule, denga lilibe mlandu. Inunso kuwerenga ndalama inali ntchito imene mpingo unakupatsani. Koma popeza ndinu msungichuma, muli ndi pakamwa pa msonkhano wa akuluampingo. Kapempheni kuti mugwirizane mfundo ino chisankho china chisanayandikire, mitima ikadali pansi: wandale akabwera kudzapemphera akhale pamene wapeza malo, chopereka chake chilowe m'mbale kapena kwa msungichuma mosalengeza, ndipo chimkuzamawu asachigwire. Ngati mpingo ukufuna kumva mfundo za opikisana, uwaitane onse tsiku limodzi, kunja kwa nthawi ya mapemphero, anthu awafunse mafunso. Tchalitchi chidzachedwa kutha, zimenezo muwauziretu.

Bambo Mlangizi,

Ndine wapampando wa komiti ya sukulu ya pulayimale ya boma. Kwabwera mnyamata wa sitandade 4 wa tsitsi lopotana la Chirasta, ndiponso atsikana angapo ayamba kuvala hijabu. Makolo ena akuti tiwabweze, poti ana awo amameta mpala ndipo yunifomu ndi yunifomu. Akuti tikalekerera, mawa aliyense adzabwera ndi zake. Ineyo ndine Mkhristu ndipo kunena zoona tsitsilo silindisangalatsa. Nditani?

Bambo wa ku Machinga

Bambo, musawabweze. Pa nkhani ya tsitsi khoti linagamula kale. Pa 8 Meyi 2023, Jaji Zione Ntaba wa bwalo lalikulu la ku Zomba anagamula kuti kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko lino, ndipo analamula unduna wa zamaphunziro kuti udziwitse sukulu zonse pofika pa 30 Juni chaka chomwecho. Gawo 25 la malamulowo limapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense, gawo 33 limapereka ufulu wa chipembedzo. Komiti yanu ikamubweza mwanayo, wolakwira lamulo mukhala inu.

Za hijabu tinaphunzira movutikira. Mu Novembala 2019 ku Balaka anthu anavulazana, nyumba zopemphereramo ndi sukulu zinaonongeka, ndipo ana a zipembedzo zonse anakhala pakhomo osaphunzira chifukwa cha kansalu ka kumutu. PAC inakhalitsa pansi mbali ziwirizi, ndipo mu Juni 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu anasainirana pangano loti atsikana azivala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifomu, ngakhale m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Ngati eni sukulu zamishoni anavomera, sukulu ya boma ingakane bwanji?

Mwanena moona mtima kuti tsitsilo silikusangalatsani, ndipo ambiri a msinkhu wathu tili choncho. Tinakula nthawi imene mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza, ndipo lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi mpaka linachotsedwa mu 1993. Maso athu anazolowera zimenezo n'kumaziyesa mwambo wa makolo, chonsecho linali lamulo la boma la nthawi imeneyo. Makolo amene akuti aliyense adzabwera ndi zake muwayankhe kuti komiti ili ndi mphamvu yonena kuti tsitsi likhale lochapa ndi lomanga bwino, hijabu ikhale ya mtundu wa yunifomu. Mphamvu imene ilibe ndi yosankha chipembedzo choyenera kulowa m'kalasi. Mukaitanitsa msonkhano wa makolo, aitaneninso abambo a mnyamatayo ndi ashehe a m'deralo, alankhule okha. Anthu amaopa kwambiri munthu amene sanamumvepo akulankhula.

Achimwene,

Malume athu anamwalira mwezi watha. Phungu wa dera lathu anagula bokosi, koma kunabwera amayi a chipani atavala nsalu zawo n'kuyamba nyimbo zachipani kwaya ya mpingo ili chiimire. A chipani china nawo anayamba zawo, mpaka kunatsala pang'ono kugwa ndewu kumanda. Abale ena akuti tisadandaule poti bokosi tinalandira. Zoona?

Mphwanu wa ku Mulanje

Pepani ndi zovutazo, achimwene. Bokosi linali chipepeso, ndipo chipepeso sichigula maliro. Mwini maliro ndi mwinimbumba pamodzi ndi amfumu, ndipo mwambo wa mapemphero uli m'manja mwa mpingo umene malemuwo ankapemphera. Mnansi amene wabweretsa thumba la ufa sapatsidwa mpata woyambitsa nyimbo yake, ndiye phungu asiyana pati?

Khalidweli lafika patali. Ngakhale pa mwambo wa maliro a Saulos Chilima ku Bingu National Stadium mu Juni 2024, anthu anakuwiza mtsogoleri wa dziko mpaka ansembe anachita kuimirira kuti akhazikitse bata. Ngati zinavuta pamalo podzaza apolisi ndi asilikali, kumudzi kwanu sizingatheke zokha popanda wina kulimba mtima.

Zapitazo zapita, musakayambane nawo abale anu pa maliro oti munaika kale. Koma mukakumana pa sadaka kapena pomanga chiliza, kambiranani monga banja kuti tsiku lina zikadzagwanso, amene adzalandire thandizo la wandale adzanene nthawi yomweyo, asanagwire ndalama, kuti nsalu ndi nyimbo zachipani zitsale kumsewu. Woyendetsa mwambo adzauzidwe kuti dzina la phungu liwerengedwe pamodzi ndi ena onse opepesa, ndipo olankhula akhale a banja, amfumu ndi a mpingo basi. Wandale akadzakana mfundo imeneyi, sonkherani mugule bokosi la matabwa wamba kwa kalipentala wa pamsika.