Musanasaine ngongole ku America, onerani kaye mafilimu awa

Abale anga amene mwangofika kumene kuno ku America, mukaweruka madzulo musamangothera nthawi yonse pa mpira. Muzipatulako maola oonera madokyumentale, mafilimu aja ofotokoza zochitika zenizeni. Zambiri zimene eni dziko sangakuuzeni, poti kwa iwo n'zodziwikiratu, muzipeza m'menemo.

Sizilira ndalama. Pitani ku laibulale ya m'tauni mwanu ndi chiphaso komanso kalata yosonyeza adiresi, akupatsani khadi kwaulere, ndipo malaibulale ambiri amalola eni makhadi kuonera mafilimu osalipira pa Kanopy, tsamba la pa intaneti loonetsa mafilimu. Palinso Frontline, pulogalamu ya madokyumentale ya wailesi yakanema ya PBS, yomwe idayamba mu 1983. Mapulogalamu ake ambiri ali pa YouTube.

Yambani ndi za ngongole, chifukwa ndi dzenje lomwe timagweramo ambirife. Inside Job ya 2010 imalongosola mmene chuma chidagwera mu 2008. Mabanki ankabwereketsa ndalama zogulira nyumba kwa anthu oti sangakwanitse kubweza, chiwongoladzanja chikuyamba chotsika n'kudzakwera pambuyo, ngongolezo n'kumazimanga mitolo kugulitsa kwa ena. Zitavuta, banki ya Lehman Brothers idagwa mu September chaka chomwecho, mabanja mamiliyoni n'kulandidwa nyumba. Mukaionera imeneyi, wogulitsa galimoto akadzakusekererani n'kumati palibe vuto ngakhale mulibe credit (mbiri yobweza ngongole), mudzayamba mwafunsa chiwongoladzanja cha pachaka ndi zaka zobwezera, cholembera chili m'thumba. Kuno munthu amamuyeza ndi credit score, nambala yosonyeza mmene amabwezera ngongole, yoyambira 300 kulekeza 850, ndipo wobwera kumene alibe. Ngakhale eni nyumba zalendi amaiyang'ana.

Ya ntchito ndi American Factory ya 2019. Fakitale ya magalimoto ya General Motors (GM) pafupi ndi Dayton ku Ohio idatsekedwa mu 2008, kenako kampani ya ku China yopanga magalasi a galimoto, Fuyao, idadzatsegula pamalo pomwepo. Mayi wina m'filimumo ankalandira madola oposa 29 pa ola ku GM, koma ku Fuyao ankangolandira 12.84. Ogwira ntchito atafuna kulowa bungwe lowayimira, kampani idalemba akatswiri oti awagwetse ulesi, ndipo pa voti ya 2017 bungwelo lidagonja. Inu amene mukukalowa m'mawarehouse ndi m'nyumba zosamalira okalamba, muyang'anitsitse nkhope za anthu pa misonkhano ya abwana m'filimumo. Mudzazionanso.

Za ndale zokha muzionera mochenjera. Wopanga filimu aliyense ali ndi mbali yake. Michael Moore sabisa kuti sagwirizana ndi ma Republican, Dinesh D'Souza nayenso sabisa kuti sagwirizana ndi ma Democrat. Onerani onse awiri, koma zimene mwaonazo musakazitulutse pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito. Simudziwa kuti bwana wanu amavotera ndani.

Komanso ndale zisakukomereni mpaka kufuna kuvota. Munthu amene si nzika saloledwa kuvota pa zisankho za pulezidenti ndi Congress, ngakhale ali ndi green card, ndipo mlanduwo ungakubwezetseni kumudzi. Pokatenga laisensi yoyendetsera galimoto ku ofesi yopereka malaisensi ya DMV mukhoza kufunsidwa ngati mukufuna kulembetsa m'kaundula wa voti. Muwerenge fomuyo mofatsa, muyankhe kuti ayi, ndipo pomwe afunsa ngati ndinu nzika ya United States musachonge kuti inde.