Malume amene anatsala ku Bama

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti: "Agogo anga anapita kunkhondo ndi Keyala, sanabwerenso. Manda awo ndingawapeze bwanji?" Keyala ndi gulu la asilikali lija la King's African Rifles. Mayi, mwandikanda pachilonda. Ulendo umenewu ndinauyenda ine mpaka nsapato kutha chidendene.

Kwathu anali malume awo a amayi anga. Agogo aakazi, mlongo wawo, ankasunga kachitini ka tiyi kadzimbiri pansi penipeni pa sutikesi, pansi pa chilundu chopitira kutchalitchi. M'katimo munali batani limodzi la yunifolomu ndi kapepala kofiirira kopindidwa kanayi, chiswe chitadya m'ngodya. Tikafunsa, yankho linali lomwelomwelo: "Anatsala ku Bama." Sankanena kuti anamwalira, ankati anatsala, ngati munthu amene basi yamusiya. Kumanda kwathu kunalibe mtumbira wawo, ndipo pomanga ziliza dzina lawo linkangotchulidwa chapansipansi. Agogo atatisiya, kachitini kanagwera ine.

Ndinayambira ku Zomba, ngati wina aliyense. Ndinaima pachipilala cha wotchi chija, pafupi ndi Cobbe Barracks, n'kumawerenga maina mpaka khosi kuwawa. Kenako ndinazindikira kuti chinamangidwa pokumbukira nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ija akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, pomwe ine ndinkafuna munthu wa nkhondo yachiwiri. Ndinapitanso ku ofesi ina, sindiitchula, kumene ndinamva katatu konse kuti wamakiyi watuluka, ndibwere mawa. Ndalama ya minibasi inathera pamenepo.

Chinandipulumutsa ndi kapepala kaja. Bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission, limene linayamba mu 1917, lili ndi kaundula waulere pa intaneti. Ndinalembamo mfunda wathu: zii. Dzina lawo la ubatizo: zii. Tsiku lina usiku, magetsi atazima, ndinaunika kapepalako ndi tochi ya foni n'kuona nambala yofufutika pamwamba. Nditailowetsa, anatulukira. Kalaliki wa asilikali anawalemba dzina loyamba ndi dzina la bambo awo, lopotozedwa moti amayi anga anachita kulibwereza kawiri mokweza asanalizindikire. Mfunda panalibe.

Koma manda ayi. Dzina lawo lili pakhoma la Rangoon Memorial, m'manda a asilikali a Taukkyan ku Myanmar, dziko lija ankalitcha Bama (Burma), pamodzi ndi maina pafupifupi 27,000 a anthu amene manda awo sadziwika. Asilikali a 11th East African Division, momwe munali magulu a Keyala, anadutsa m'chigwa cha Kabaw ku Bama komweko mu 1944 mvula ili pakati, m'matope, malungo akugwetsa anthu. Amayi anangoti, "Kodi ndiye anangowasiya m'tchire?" Ndinasowa chowayankha.

Ndipo ife tinachita mwayi, dzina tinalipeza. Apa ndi pamene mtima umandiwira. Mu 2021 bungwe la manda lija linavomera mu lipoti lake kuti anthu osachepera 116,000 a nkhondo yoyamba, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kuno ku Africa, sanakumbukiridwe ndi maina, ena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya Britain panthawiyo, Ben Wallace, inapepesa kunyumba ya malamulo. Kupepesa patapita zaka zoposa 100! Amtengatenga ankagwidwa m'midzi, kusenzetsedwa katundu, n'kumafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Kapiteni ankachita kumuikira mwala wosemedwa bwino, wonyamula bokosi lake akungofotseredwa. Mukadzafika ku Karonga, kumene kunamenyedwa nkhondo pa 9 September 1914, mukalowe m'manda a asilikali, muwerenge miyala, muone kuti akwathu ndi angati. Timavala kaluwa kofiira mu November, timavina malipenga ndi beni potengera perete wawo, koma tafunsani mwana wa sukulu dzina la msilikali mmodzi wa m'mudzi mwake. Ine ndimati vuto lina ndi lathu: akuluakulu ankafotokoza, ife tili kalikiliki ndi zina.

Ndiye muchite chiyani?

Yambani ndi agogo amene atsala, lero lomwe, foni ikujambula mawu. Funsani maina onse: la ubwana, la kuchinamwali, la bambo awo, mudzi ndi mfumu. Sakani nambala ya usilikali pakabuku kapena pakalata iliyonse; mamendulo a nkhondo yoyamba amakhala nayo m'mphepete, a yachiwiri ambiri alibe. Pakaundula uja sankhani King's African Rifles, muyese dzinalo ndi l, ndi r, ndi ch, ndi c. Amalemba okhawo amene anafa kuyambira 1914 mpaka 1921, ndi 1939 mpaka 1947, choncho msilikali amene anabwerako n'kudzafera pakhomo atakalamba mukamufunse kwa anyakwawa ndi m'mabuku a mpingo. Ku National Archives ku Zomba kuli mafayilo a boma la atsamunda, ndipo mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu a ku Burma ali ku National Archives ya Britain ku Kew, London, pansi pa nambala ya WO 172, ngakhale kuti msilikali wamba satchulidwamo kawirikawiri.

Mukaipeza nambalayo mundilemberenso, Mayi, tidzasakire limodzi.