Mafunso Anu pa Ziweto: Kodi kamphaka kazisamba kangati?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wabwera ndi kamphaka kuchokera kwa abale athu a ku Highfield, akuti kali ndi milungu isanu. Ine chiweto chauve m'nyumba sindichifuna, ndiye ndati ndizikasambitsa Loweruka lililonse ndikamaliza kuchapa. Apongozi anga akuti mphaka sasamba. Akulondola ndani? Mayi wa ku Mufakose.

YANKHO: Mayi, apa apongozi anu akulondola. Mphaka amadzisambitsa yekha. Lilime lake lili ndi timinga toyang'ana kummero, ndipo akamadzinyambita timingato timapesa ubweya, kuchotsa fumbi ndi kufalitsa mafuta a pakhungu. Kamwana kamayamba kuphunzira zimenezi kali ndi milungu inayi. Mukamakathira sopo sabata ndi sabata mafutawo amatha, khungu limauma n'kuyamba kuyabwa, ubweya n'kumaoneka mbuu.

Koma pa msinkhu wa kanuko choopsa kwenikweni ndi kuzizidwa. Kamphaka ka milungu isanu kamalemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo kakanyowa kutentha kumathawa m'thupi msanga kwambiri. Kakazizidwa kamasiya kudya, kamafooka, mwina kufa usiku womwewo. Mphepo ya Juni ndi Julaye kuno ku Harare mukuidziwa, usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Choncho musakaviike m'madzi kasanakwanitse milungu 8. Kakapitirira pamenepo kasambe pokhapokha pali chifukwa, monga kugwa m'matope kapena kudziipitsira kwambiri, ndipo ngakhale zitavuta bwanji osaposa kamodzi pa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Amphaka ambiri athanzi amakalamba osaona beseni, ndipo sanunkha.

Pakadali pano tengani kansalu kofewa, kanyowetseni m'madzi ofunda, finyani kwambiri, n'kupukuta pokhapo padetsedwa: pakamwa, mapazi, kunsi kwa mchira. Pukutaninso ndi nsalu youma. Kawiri pa sabata kapeseni ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono. Kakamanunkha fufuzani gwero. Kawirikawiri ndi kutsegula m'mimba, komwe kumabwera ndi njoka za m'mimba kapena mkaka wa ng'ombe, umene amphaka ambiri sagaya bwino. Ngati amake akadali ku Highfield ndipo eni ake angalole, kabwezeni kayamwenso milungu itatu. Kachoka msanga.

FUNSO: Kamphaka kathu ka miyezi itatu kamagona pansi pa galimoto, ndiye dzulo kadzipaka oyilo wakuda msana wonse. Anzanga akuti ndikapukute ndi palafini. Nditero? Mnyamata wa ku Dzivarasekwa.

YANKHO: Achimwene, palafini ayi, petulo ayi, thinazi wosungunulira penti ayi. Zimawotcha khungu, ndipo kamphakako kakanyambita zimalowa m'mimba ndi m'mapapo. Oyiloyonso ndi poizoni, ndiye apa kusamba n'kofunikadi, lero lomwe. Kakulungeni m'thaulo mutu wokha uli kunja kuti kasadzinyambite pamene mukukonza zinthu.

Yambani ndi mafuta ophikira. Supuni imodzi kapena ziwiri, tikitani pa ubweya wodetsedwawo mpaka oyilo asungunuke, mupukute ndi sanza. Pomwe pachita chigwagwa dulani ubweya ndi sizasi, chipeso chili pakati pa khungu ndi sizasiyo. Kenako madzi. Konzani mabeseni awiri, lina losambitsira lina lotsukuluzira, malita asanu onse pamodzi akwana. Madziwo akhale ofunda ngati osambitsira khanda, madigiri 37 kapena 38. Yesani ndi chigongono, chifukwa dzanja lozolowera ntchito limanama. Madzi a m'chigubu kapena a pa mjigo amakhala ozizira kuposa momwe mumaganizira, sakanizani ndi otentha musanakabweretse kamphakako. Mubeseni madzi alekeze m'miyendo, masentimita atatu kapena anayi basi, ndipo pansi muyalepo nsanza. Mphaka akamaterereka ndi pomwe amachita mantha n'kuyamba kukanda.

Dzanja limodzi ligwire pachifuwa, lina lizithira ndi kapu kuyambira pakhosi kutsikira kumchira. Kumutu osathira. Madzi akalowa m'khutu amayambitsa zilonda, akalowa m'mphuno kangatsamwe. Nkhope ndi ya kansalu konyowa. Pa oyilo gwiritsani sopo wamadzi wotsukira mbale, madontho ochepa, ndipo mwina mudzabwereza kawiri. Sopo ameneyu ndi wa tsiku langozi ngati ili lokha. Masiku ena onse pamafunika shampu yolembedwa kuti ndi ya amphaka. Sopo waufa ndi sopo wobiriwira wochapira zovala ndi aukali pa khungu lake. Tsukuluzani mpaka ubweya usiye kuterera, pakuti sopo wotsala kadzamunyambita.

Ambiri amalakwitsa pa kuumitsa. M'madzi kasakhalemo kuposa mphindi zisanu kapena khumi. Kakulungeni m'thaulo louma, likanyowa sinthani lina, ndipo pitirizani mpaka kaume kufika pakhungu, makamaka m'khwapa ndi kumimba. Kaikeni m'katoni m'chipinda chopanda mphepo, pambali pake botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, ndipo musiye malo oti kasunthireko kakatenthedwa. Pafupi ndi mbaula ayi. Ngati mungasankhe nthawi, sambitsani cha m'ma 11 mmawa dzuwa litakwera, osadalira makina oumitsira tsitsi, poti magetsi akhoza kuthima kamphaka kali chinyowere. Kakayamba kusanza, kutuluka dovu kapena kupuma movutika, ndiye kuti kanameza oyilo, thamangirani kwa dokotala wa ziweto.

FUNSO: Timphaka tiwiri ta milungu isanu ndi umodzi tadzaza nthata. Ndili ndi mankhwala a dibi omwe ndinabwera nawo kuchokera kufamu, komanso shampu ya galu wathu. Ndisungunule motani kuti tisavulale? Bambo wa ku Epworth.

YANKHO: Bambo, palibe muyeso umene tingakupatseni. Zonse ziwirizo zibwezeni pashelefu. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya mankhwala ena omwe galu ndi ng'ombe zimapirira. Mankhwala ambiri a nthata za agalu ali ndi permethrin, ndipo mphaka akamukhudza amayamba kunjenjemera, makutu ndi khungu kumachita tsemwe, dovu chuchuchu, kenako kuphupha ngati wakhunyu, pasanathe maola ochepa. Amitraz wa m'dibi nayenso ndi woopsa kwa amphaka. Chimodzimodzi Dettol ndi Jeyes Fluid: n'zothandiza m'nyumba, koma pa thupi la mphaka ayi, ndipo mukakolopa nazo dikirani pansi paume asanapondepo, poti adzanyambita mapazi. Ngati wina wathira kale mankhwala otere, tsukani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wa mbale, muumitse, n'kupita kwa dokotala nthawi yomweyo.

Nthata si zozinyozera. Zimayamwa magazi, ndipo kamphaka kakang'ono magazi ake ndi ochepa kale. Kwezani mlomo muone nkhama. Zikhale zofiirira. Zikakhala zoyera, kamphaka kali lefu, musayambe n'kusambitsa komwe, kafunika dokotala lero. Ngati nkhama zili bwino, chida chanu ndi chipeso cha mano othinana, chonga chija chochotsera nsabwe. Pesani m'mawa ndi madzulo, makamaka m'khosi, kumimba ndi patsinde pa mchira, ndipo nthata iliyonse muimize m'kapu ya madzi asopo. Timadontho takuda totsalira pachipeso tiikeni pa pepala loyera lonyowa. Tikafiira, ndi ndowe za nthata, kutanthauza kuti zikadalipo.

Mankhwala oyenera alipo kwa madokotala a ziweto, ku bungwe loteteza ziweto la SPCA ndi ku chipatala cha ziweto cha University of Zimbabwe ku Mount Pleasant. Opopera a fipronil amaloledwa ngakhale pa timphaka tating'ono, koma muyeso wake umatsata kulemera, ndiye dokotala ayambe waika pasikelo. Odontheza kuseri kwa khosi ambiri amayambira milungu 8. Mukadontheza musasambitse kwa masiku awiri, apo ayi mwataya ndalama.

Kusambitsa kokha sikuthetsa nthata chifukwa zomwe mukuziona pa thupi ndi kagawo kakang'ono. Nthata yaikazi imaikira mazira mpaka 50 pa tsiku, ndipo amayoyokera pogona, m'ming'alu ya simenti ndi pansi pa mipando. Chapani zogonera ndi madzi otentha sabata iliyonse, yanikani padzuwa, sesani m'makona n'kutentha zinyalalazo. Galu uja ndi make wa timphakato alandirenso mankhwala, aliyense akeake, kwa miyezi itatu yotsatizana, makamaka nyengo yotentha kuyambira Okutobala pamene nthata zimaswana msanga. Pemphaninso mankhwala a njoka za m'mimba, pakuti mphaka akameza nthata podzinyambita amatenga njoka zija zimatuluka tizidutswa tonga mpunga kunsi kwa mchira.

FUNSO: Kamphaka kathothoka ubweya mozungulira pamphumi ndi pakhutu, ndipo mdzukulu wanga watuluka chipere pamkono. Zikugwirizana? Agogo a ku Mbare.

YANKHO: Agogo, n'kutheka kwambiri. Chipere chimapatsirana pakati pa mphaka ndi munthu, ndipo ana ndiwo satetezeka. Mdzukuluyo apite kuchipatala, kamphaka kwa dokotala wa ziweto akatsimikize, chifukwa mphere nazo zimathothola ubweya. Chikakhala chipere, apa ndi pomwe lamulo lathu lija limasintha: dokotala amalamula kusamba kawiri pa sabata ndi shampu ya mankhwala, monga ya miconazole ndi chlorhexidine, thovu likhale pathupi mphindi khumi musanatsukuluze, nthawi zambiri pamodzi ndi mankhwala akumwa, kwa milungu ingapo. Musalekeze panjira poona ubweya wayamba kumera. Wosambitsa avale magolovesi, thaulo la kamphaka likhale lakelake, ndipo kasagone pa bedi la ana mpaka dokotala atanena kuti chatha. Kakakulumani kapena kukukandani posamba, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo ngati kalibe katemera wa chiwewe, amene amabayidwa pa msinkhu wa miyezi itatu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.